Madzi Ofunda a Lolo Ignasio

Tayambani mwandimasulira ichi, inu amene munadya mabuku: alibe pakamwa koma amaitana munthu ndi dzina lake, alibe manja koma akakugwira sakutaya, anakwera ndege wopanda tikiti, n'kukhala ku Dublin zaka zisanu ndi ziwiri wopanda pemiti, apolisi osamufunsa kanthu. Ndani ameneyo? Musathamange. Ine Louisa ndinalekezera Sitandade 3, ndipo ulendo wa yankho lake unayamba nditagwada pakhomo la kubafa kwanga, ndikunyengerera chitseko.

"Maricel, tsegula mwanawe. Ndamwa tiyi makapu atatu. Ukufuna ndidzithandizire mu sinki?"

Ndinagogodanso.

"Ndiwerenga mpaka three. Kupitirira pamenepo sindidziwa kuwerenga."

Ndinamva kaphwete kakang'ono mkatimo, koma kiyi sanatembenuke. Kumbuyo kwanga kunaima mayi wake, Evelyn, jekete lili chivalire, chipale chikusungunuka m'tsitsi mwake n'kumadonthera pakapeti yanga. Munali mu Disembala 2010, chaka chimene mzinda wonse unasanduka fuliji.

Evelyn ndi Mfilipino. Tinagwira ntchito limodzi zaka zisanu ku nyumba ina yosamalira nkhalamba kumpoto kwa mzinda: iye ankasambitsa nkhalambazo, ine ndinkachapa zofunda zawo. Tinkamvana ndi Chingerezi chathu chothyokathyoka, ndipo pamene chathera tinkamalizira ndi manja. Kenaka kunabwera Bambo Risesheni, kugwa kwa chuma kuja, mlendo wosagogoda. Nyumba zomangidwa theka zinaima zopanda mawindo ngati zigaza. Ana a eni dziko anayamba kuthawira ku Australia. Mu Juni nyumba yathu inatsekedwa, nkhalamba n'kugawidwa ngati nkhuku za pachinkhoswe. Ine ndinapeza kantchito kokolopa m'maofesi, chifukwa pepala langa ndi la othawa kwawo ndipo silidalira bwana. La Evelyn linali lomangidwa pa ntchito ija. Anampatsa miyezi yoti apeze ina, miyeziyo inatha. Zaka zake zina zokhala kuno a boma anakana kuziwerengera, ati bwana woyamba anachedwa kukonzetsa mapepala. Ndinamuperekeza m'maofesi atatu, tikuima pamzere kuyambira mbandakucha. Paliponse ankatimvera chisoni mwaulemu kwambiri, n'kutilozera khomo.

Matikiti obwerera kwawo anali a pa 9 Januwale, anthu awiri. Mmodzi mwa awiriwo ndi amene anadzitsekera kubafa kwangayo.

Evelyn anagunditsa chipumi pachitseko n'kuyamba kulankhula chilankhulo cha kwawo, pang'onopang'ono, ngati akunyengerera nkhalamba kuti imwe mankhwala. Yankho linatuluka m'Chingerezi chenicheni cha ku Ballymun, dera lina la mu Dublin, chija amalankhula ngati mbatata yotentha ili mkamwa.

"Sindipita! Pitani nokha. Ndikatani kumeneko? Ndinachokako ndili ndi zaka nine, sindikumbuka kanthu koma udzudzu. Anzanga ali kuno, sukulu yanga ili kuno. Mukanakhala kuti dzikolo ndi labwino, bwenzi nonse mutalithawa?"

"Anak," anatero Evelyn, ndiko kuti mwana wanga. Anandiyang'ana ine.

Ndikanatani? Ndinali nditafunsa kale ngati mwanayo angatsale ndi ine. Mayi wa ku ofesi anangoyang'ana kafulati kanga ka chipinda chimodzi papepala, n'kuyang'ana imvi zanga, n'kupukusa mutu. Pepala la mwana linali lolendewera pa la mayi ake. Likagwa lalikulu, laling'ono silitsala m'mwamba. Koma mtsikana wa zaka sikisitini sungamumange chingwe n'kumukweza ndege. Ndipo Evelyn anali atanena kale kuti popanda mwana sakwera. Angalolere kubisala, azidzidzimuka akamva galimoto ya apolisi moyo wake wonse. Ine ndinawaona anthu obisala. Amauma akuyenda.

Pamenepo belu linalira, n'kulowa mwana wa achimwene anga, Bonaventure, sikafu atazengereza m'khosi katatu ngati mbuzi yopita kumsika. Boma la kuno linkamulipirira sukulu ya udokotala wa mabuku. Kwathu ndinkamupukuta mamina. Kuno ankandilankhula ngati ndine fomu yoti ailembe.

"Azakhali, ndamva vuto lanu. Musadandaule. Ndilembera kalata a nduna. Ine kalata yanga siibwerera chabe."

"Yambani mwalembera chitseko ichi, a Dokotala," ndinatero.

Anakhosomola, n'kuima patsogolo pa chitseko cha kubafa manja ali kumbuyo. Analankhula kwa mphindi makumi awiri. Anati munthu wosakonda dziko lake ali ngati mtengo wopanda mizu. Anati iye wawerenga alakatuli a maiko onse, a ku Filipino omwe, ndipo onse amavomereza zimenezo. Anati iyeyo Malawi amamuyenda m'mitsempha. Ali mkati molankhula tinamva madzi a chimbudzi akugujumuka mkatimo. Anadikira kuti phokoso lithe, n'kuyambiranso. Madzi anagujumukanso.

"Mwanayu alibe mwambo," anatero, n'kumwa tiyi wanga, n'kudya mabanzi anga awiri, n'kumapita.

Ndinamugwira Evelyn paphewa. "Pita ukagone kwa anzako. Msiye kuno masiku angapo. Njala ikamugwira atuluka. Ine nkhuku yothawira pansi pa bedi ndimadziwa kuitulutsa."

Ndinanama. Sindinkadziwa kanthu.

Anatulukadi madzulo, maso atatupa, n'kukhala pasofa atafunda bulangete mpaka m'makutu. Masiku awiri sanandilankhule kupatula "ayi, Tita" ndi "zikomo, Tita." Tita ndi mmene iwo amatchulira azakhali. Ndinamuvinira, ndinamuyerekezera mmene Bonaventure amayendera, ndinavula mano anga oikirira n'kuwaika pa rimoti. Osaseka.

Pakati pa chipinda changa panali katoni. Muyenera kuidziwa katoni ya Afilipino. Ndi yaikulu moti munthu atha kugonamo atapinda miyendo. Amaigula yopanda kanthu, n'kumaponyamo pang'onopang'ono chaka chonse: lero sopo, mawa mankhwala otsukira mano, mkuja nsapato za pa selo, chokoleti, matawulo. Ikadzaza amaikhalira pamwamba, n'kuikulunga ndi tepi ngati mwendo wothyoka, n'kuitumiza pa sitima ya pamadzi kuti abale akatsegule. Evelyn anatumiza zoterozo chaka ndi chaka. Iyi inali yomaliza, ndipo munalibe mphatso: munali mapoto ake, makatani, zithunzi. Anabweza makiyi a fulati yake, ndiye katoniyo inadzagona kwa ine.

Tsiku lachitatu ndinkafuna chivundikiro cha poto m'katonimo, dzanja langa n'kukhudza kabuku. Kanali kopyapyala, kachikuto kobiriwira kofwifwa, kosokedwa ndi timawaya tiwiri ta dzimbiri. Ndinakadziwa. Nthawi yopuma kuntchito, Evelyn ankakatulutsa m'thumba la yunifomu n'kumawerengera Afilipino anzake kuseri kwa makina ochapira, iwo n'kumafwenthera m'matawulo amene ine ndachapa kumene. Anandiuza kuti analemba ndi bambo ake, a Ignasio Maglinte, mphunzitsi wopuma wa pakamudzi ka asodzi pachilumba cha Panay. Anasindikiza makope sikisite okha, pa shopu yosindikiza makadi a ukwati. Wophunzira wawo aliyense akamapita kunja kukagwira ntchito, ankamupatsa kamodzi padoko, osanena kanthu. Kake ka Evelyn anachita kumutumizira, patangopita miyezi yochepa iye ndi mwana atafika kuno.

Ndinakayang'ana kabukuko. Ndinamuyang'ana Maricel. Satana wanga wakale anandinong'oneza.

Ndinakaika patebulo, ndinaphula poto wa nyemba akubwadamuka, n'kumukhazika pamwamba pake, phi!

"Tita!" Bulangete linaulukira uko. Anakankha poto ndi manja osaphimba, n'kutsomphola kabukuko, n'kumakapukuta ndi malaya ake. Pachikuto panatsala chizindikiro chozungulira. "Mwapenga? Ndi la Lolo ili!"

Lolo ndiye agogo aamuna.

"Pepa, mwanawe. Paja unati za kwanu n'zaudzudzu? Ndimati likhaleko ndi ntchito."

Anandiyang'ana ngati andilume.

"Mwalembedwa chiyani?" ndinafunsa, ndikuomola nyemba.

"Sindidziwa. Sinditha kuwerenga chilankhulo chimenechi."

"Koma mayi ako akamakukalipira umamva."

"Kumva ndimamva. Kuwerenga ayi."

"Ndiye werenga mokweza, makutu ako akuuze. Ine sinditha kuwerenga chilankhulo chilichonse, ukalakwitsa sindidziwa. Tiye. Ukakana ndiphula mpunga."

Anatsegula mwaukali. Anayamba kutchula mawu amodziamodzi ngati mwana wa Sitandade 1, akupunthwa, akubwerera. Ndinaona chinthu chodabwitsa. Mawu aja ali papepala anali achilendo kwa iye, koma akangotuluka pakamwa n'kulowa m'khutu lake lomwe, nkhope inkasintha, ngati wakumana ndi wachibale pa basi. Anabwereza mzere woyamba kawiri, ndipo kachitatu unatuluka ndi mawu a mayi ake.

"Mutu wake ndi Madzi Ofunda," anatero.

"Ndimasulire. Pang'onopang'ono, Chingerezi changa ndi cha ndodo."

Ndikupatsani mmene zinakhalira m'mutu mwanga, zitadutsa m'zilankhulo zitatu ngati madzi osefedwa pansalu:

Ana athu aakazi anapita ndi manja awo.
Akutsuka misana ya makolo a eni ake
kumene dzuwa limalowa anthu asanadye.
Kuno nkhalamba yathu yakhala pampando wansungwi,
thaulo paphewa, madzi ataphitsa.
Simukuidziwa? Ili ndi zilumba kumsana ngati zipsera.
Siikalipa. Ikudziwa kuti mpunga ikudyawu
wachokera m'manja omwewo.
Ingoti: madzi akazizira, tidzaphitsanso.

Maricel anatsitsa kabukuko. Ndinakumbuka mmene Evelyn ankayesera madzi ndi chigongono asanasambitse nkhalamba iliyonse, ngakhale ija inkamulavulira.

"Lolo akunena za iwo eni kapena za dziko?" anafunsa Maricel.

"Ukufunsa ine? Ine ndimadziwa kuchapa."

"Si chilungamo chimenechi," anatero. "Akundikola dala. Ine sindinapemphe kubadwira kumeneko."

Anaponya kabukuko pasofa n'kukalowa kubafa. Sanakiye. Patapita kanthawi anatuluka, n'kukatola.

Masiku otsatira ndikamabwera kokolopa ndinkamupeza akuyenda uku ndi uku m'kachipindako, akuwerenga mokweza. Ndinasanduka kalasi yake. Ina inali ya maina a nsomba makumi atatu, ndipo pa dzina lililonse pali munthu wa m'mudzimo amene amafanana nayo; tinaseka mpaka aneba anagogoda khoma. Ina inali ya mphepo yamkuntho imene inasasula denga la sukulu, ana n'kumaphunzira masamu powerenga malata ogwera m'munda. Ina inali yotukwana: akuluakulu oba, misewu yolonjezedwa chisankho chilichonse, chipatala chopanda nesi chifukwa manesi onse ali kunja.

"Taonani, Tita," anatero. "Akulinyoza dzikolo. Ndiye amalikonda bwanji?"

"Malemu amuna anga ndinawanyoza zaka twente-faifi," ndinamuyankha. "Koma wina akangoyerekeza kuwanyoza, ndinkavula nsapato."

Anaseka. Kenaka anandifunsa chimene sindinkafuna. "Nanga inu, kwanu kuli buku lotere?"

Ndinati ndikaone mpunga pamoto. Panalibe mpunga. Ndinaima kukhitchini ndikuyang'ana khoma. Zaka khumi ndi chimodzi ndinali ndisanaponde kwathu, ndipo pepala limene limandisunga kuno ndi lomwelo limandiletsa kupitako. Mayi anga anaikidwa m'manda ine ndikumvera pafoni, khadi la mayunitsi n'kuthera pakati pa nyimbo. Tsiku lina ndinamupempha Bonaventure kuti andiwerengereko kanthu ka kwathu m'Chichewa. Anati iye amagwira ntchito ndi mabuku a Chingerezi okha, enawo sanafike pa mlingo.

Ndakatulo imene inamaliza nkhani inali kumapeto, yaifupi. Ndinali ndikusita. Maricel anayamba kuwerenga, n'kuima pakati. Anayambiranso, n'kuimanso pomwepo.

"Bwanji?"

"Ndi ya kamtsikana kokwera boti padoko. Kakuthamanga, kapatapata kamodzi n'kuvuka. Boti likunyamuka. Nkhalamba ikutola." Analoza mzere ndi chala. "Akuti, dziko lino lili ndi ana mamiliyoni oyenda ndi phazi limodzi losavala, ndipo silitaya nsapato zawo. Tita, kanali kofiira. Kanali ndi duwa pamwamba. Mayi anandikalipira njira yonse mpaka ku Manila, ndinalowa m'ndege ndi sokosi."

"Paja unati sukumbuka kanthu koma udzudzu?"

Anatenga foni yanga n'kuimbira mayi ake. Kwa nthawi yoyamba chimudziwireni ndinamumva akulankhula chilankhulo cha kwawo, chopunduka, chodzaza ndi mabowo amene ankawatseka ndi Chingerezi. Kumbali inayo Evelyn ankangolira. Atatha, Maricel anapita pa chikwama chake, n'kutulutsa juzi yake ya sukulu yobiriwira. Anainunkhiza. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'katoni, pamwamba pa mapoto.

Musaganize kuti ndinavina. Mwanayo ankasiya mayeso amene anawakonzekera zaka zinayi, anzake, ndi kamnyamata kena kamene ankaganiza kuti sindikadziwa. Ankapita kumudzi kumene chipatala chilibe nesi. Kabuku kaja sikanasinthe chidindo cha ofesi iliyonse. Kanangochititsa kuti apite ndi miyendo yake, osati chokokedwa. Ndipo amene anatchera msamphawo ndine, ine amene ndinkafunitsitsa atatsala.

Tinatsanzikana Loweruka masana, pa 8 Januwale, m'kafulati kanga. Afilipino anabwera khumi ndi asanu, aliyense ndi beseni la chakudya, moti ena anakhala m'mphepete mwa bafa. Amuna awiri anakhalira katoni, wachitatu akuizunguliza tepi. Evelyn anaika laputopu yobwereka pamwamba pa fuliji. Anagwirizana ndi mphwake wa kumudzi kuti nthawi ya wani koloko adzalumikizane, anthu aonane pakanema.

Podikira, amayi aja anamukankhira Maricel pakati. Anaima pafupi ndi katoni, n'kuwerenga Madzi Ofunda. Sanapunthwe. Anthu amene aja ndinkawadziwa ngati osekaseka, ogwira mashifiti awiri osadandaula. Tsiku limenelo ndinaona bambo wina woyendetsa basi ataphimba nkhope ndi mbale ya pepala. Nesi wina, amene anali atalandira kale pasipoti ya kuno, ankatchula mizereyo pamodzi ndi mwanayo, maso ali otseka. Anali wophunzira wa a Ignasio, ndipo kake kabuku kanali m'chikwama. Atafika pa mzere womaliza onse anaunena limodzi, motsitsa, ngati ameni.

Bonaventure analowa nthawi imeneyo, mochedwa, sikafu ili m'malo mwake. Za kalata ya nduna sanazitchule, ndipo ine sindinafunse. Ndinkadziwa kuti inapita kumene amapita masokosi osowa. Anadzaza mbale, n'kuona anthu akupukuta misozi.

"Kwachitika chiyani, azakhali?"

"Ndakatulo, a Dokotala. Za kwawo." Ndinatenga kabukuko m'manja mwa Maricel n'kumupatsa. Satana uja anabweranso. "Kaya inu mukumudziwa wolembayu? Ife osaphunzira tangomumva lero."

Anayang'ana pachikuto, pamene panali chizindikiro cha poto wanga. Anatchula dzinalo mokweza. Evelyn amatchedwa ndi dzina la mwamuna wake, ndiye panalibe chomuchenjeza.

"Maglinte! Aaa, azakhali, ameneyu ndiye ndani sam'dziwa? Ndinamuwerenga chaka choyamba. Mulaibulale mwathu muli shelefu yathunthu."

"Shelefu yathunthu!" ndinatero m'Chingerezi, mokweza, kuti onse amve. "Tamverani, anthuni. Mwana wa achimwene anga amamudziwa wolembayu. Tauzeni, a Dokotala."

Maricel anatsegula pakamwa. Ndinamuponda phazi.

Bonaventure anaika mbale pa katoni, n'kukweza kabukuko m'mwamba. Anati a Maglinte anali mkango wa ndakatulo za ku Asia. Anati anamenyera ufulu wa dziko lawo ndi cholembera. Afilipino anayang'anana, koma ndi anthu aulemu, anangogwedeza mitu. Kugwedezako kunamuthira mafuta. Anati adani anamugwira, n'kumutsekera m'ndende yamdima, ndipo ndakatulo zimenezi anazilemba pa timapepala ta fodya.

"Mayo ine," ndinatero. "Ndiye anatuluka?"

"Sanatuluke, azakhali. Alakatuli enieni satuluka. Anafera momwemo, kalekale, asanabadwe aliyense m'chipinda chino. Ine ndinalemba nkhani yonse yokhudza imfa yake."

Evelyn anali atagwira pakamwa ndi manja awiri, mapewa akugwedezeka. Bonaventure anaganiza kuti akulira, n'kumusisita pamsana. "Limbani mtima, mayi. Anthu otere safa."

Pamwamba pa fuliji laputopu inalira.

Kanema anatseguka mwa zidutswazidutswa: khoma la nsungwi, babu limodzi, nkhuku ikudutsa. Kenaka nkhope inadzaza galasi lonse, yakuda ndi dzuwa, yamakwinya, mano awiri okha, magalasi omangidwa ndi ulusi. Chipinda chonse chinakuwa, "Lolo!"

Maricel anakankha anthu n'kufika kutsogolo. Analankhula nawo m'chilankhulo chawo, ndipo ndinaona nkhalambayo ikuvula magalasi, n'kupukuta, n'kuvalanso, kuti ione bwino amene akulankhulayo. Kenaka mwanayo analoza Bonaventure n'kunena zinazake zazitali. Nkhalamba inasendeza khutu. Inabwereza kufunsa. Ndiye inayankha m'Chingerezi cha aphunzitsi akale, chomveka ngati belu.

"Ndi uti amene wandiika m'manda? Mubweretseni pafupi ndimuone."

Ndinamukoka Bonaventure ndi sikafu. "A Dokotala, awa ndi a Ignasio Maglinte, bambo ake a Evelyn. Apatseni moni malemu."

"Mnyamata," inatero nkhalamba, "ndende yake inali iti? Ndifuna ndikatengeko katundu wanga."

Chimene chinachitika sindingachifotokoze bwino. Woyendetsa basi uja anagwa pa katoni. Nesi anakhala pansi, miyendo tambalale, akumenya kapeti. Evelyn, amene ndinali ndisanamumve akuseka chitsekereni nyumba ya nkhalamba, anagwira fuliji kuti asagwe, misozi ili chuchuchu, ndipo sindikudziwa kuti ya kuseka inathera pati. Bonaventure anati mwina pali a Maglinte awiri. Nkhalamba inati inde, winayo ndi mng'ono wake, amagulitsa nkhumba. Anthu anayambiranso.

Kenaka a Ignasio anakweza chala kuti tidikire. Anachoka pagalasi. Tinamva kabati ikutsegulidwa. Atabwerera anali ndi kanthu m'manja, ndipo anakasendeza pafupi: kapatapata ka mwana, kofiira kofwifwa, duwa lake litatsala theka.

Maricel anatambasula dzanja mpaka zala zinagunda galasi.

Koma nkhalambayo inali isanathane ndi wophunzira wake watsopano. Inakagwira kapatapatako cha kuchidendene, mmene amagwirira makolo onse a padziko lapansi, n'kukakweza m'mwamba kuloza Bonaventure. Pomwepo intaneti inajama. Chithunzi chinaima: mano awiri, magalasi a ulusi, kapatapata kali m'mwamba. Ndipo a Dokotala, mwana wa achimwene anga, wodziwa alakatuli a maiko onse, anabisa mutu kuseri kwa kabuku kobiriwira, yankho la mwambi wanga uja, chizindikiro cha poto wanga chili pamphumi pake.